DJI Mini 4 Pro: imadzisankhira njira, koma mawaya siiwaona

Aliyense wogulitsa drone (kandege kojambula koyendetsedwa ndi rimoti) ya DJI Mini 4 Pro amakuuzani zinthu ziwiri: kuti imazemba yokha chilichonse chimene chaitchingira njira, ndiponso kuti ikataya siginolo kapena batire likachepa, imabwerera yokha pamene inanyamukira. Zonsezi n'zoona. Chimene ogulitsa satchula n'chakuti nzeru imeneyi ili ndi malire odziwika bwino, ndipo drone ikathera mumtengo, m'madzi kapena pa waya, kawirikawiri zimakhala kuti mwini wake anaisiyira ntchito imene siingathe. Kamera yake anthu aiyamikira kale mokwanira, choncho pano tiona kwambiri mmene imaonera njira, mmene imasinthira njirayo ili m'mwamba, ndi pamene imasokonezeka.

Inatuluka mu September 2023 ndipo imalemera magalamu osapitirira 249 ikakhala ndi batire lake lanthawi zonse. Pa nthawiyo ku America inkagulitsidwa madola 759 ndi rimoti ya RC-N2, imene imafuna foni yanu, madola 959 ndi RC 2 yokhala ndi sikirini yakeyake, ndi madola 1,099 pa Fly More Combo ya mabatire atatu, chotchajira ndi chikwama. Kamera ndi ya 48MP ndipo imajambula 4K ya mafulemu 60 pa sekondi. Pa ukwati, pa malonda a malo ndi nyumba kapena poyendera munda, zithunzi zake palibe amene angadandaule nazo.

Kupatula kamera yojambulirayo, pathupi pake pali timakamera tina 6 timene ntchito yake ndi kuyang'ana njira basi: tinayi toona mbali zonse m'makona a kutsogolo ndi kumbuyo, ndi tiwiri toyang'ana pansi. Pansi pomwepo palinso sensa ya infrared yoyeza kutalika kuchokera panthaka ndi kanyali kounikira potera. Timakamera timeneti timagwira ntchito tiwiritiwiri ngati maso a munthu. Chinthu chimodzi chikaonedwa ndi makamera awiri otalikirana pang'ono, chimaoneka pamalo osiyana pang'ono pa zithunzi ziwirizo, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene kompyuta ya m'kati imagwiritsa ntchito powerengera mtunda. Imachita zimenezi kambirimbiri pa sekondi iliyonse, n'kumaphatikiza ndi zimene ikumva kuchokera ku masetilaiti a GPS, Galileo ndi BeiDou, ku kampasi, ndi ku kachipangizo koyeza mphamvu ya mpweya kamene kamaiuza kuti yakwera bwanji.

Manambala a kampani ya DJI omwe akusonyeza pamene pali malire. Kutsogolo imayeza mtunda molondola kuyambira theka la mita mpaka mamita 18, kumbuyo mpaka 15, m'mbali mpaka 12, ndipo izi zimadalirika ngati liwiro silinapitirire mamita 12 pa sekondi, omwe ndi makilomita 43 pa ola. Werengani nokha: pa liwiro limenelo, mamita 18 amatha m'sekondi imodzi ndi theka, ndipo ikamauluka chammbali imakhala ndi sekondi imodzi yokha yoti ione, iganize ndi kuima. Ndiye chifukwa chake mukaika kabatani ka pa rimoti pa S (Sport, ya liwiro lalikulu), pamene imafika mamita 16 pa sekondi, kuzemba zinthu kumazimiratu. Ambiri amaiwala zimenezi, amaisiya pa S atathamangitsa galimoto ya akwati, kenaka n'kulowa pakati pa mitengo ali ndi chikhulupiriro chonse.

Mu DJI Fly, pulogalamu yoyendetsera drone imeneyi, pa gawo la Safety, mumasankha chimene ichite ikakumana ndi chotchinga. Brake ndiye kuti iime n'kudikira inu. Bypass ndiye kuti idzipezere yokha podutsa, kaya pamwamba, pansi kapena pambali, uku inu mukukankhabe stiki ya pa rimoti kutsogolo. Pa Bypass ndi pamene drone imeneyi imasangalatsa. Ikamalowa m'munda wa mango kapena pakati pa mizati ya nyumba yomangidwa theka, siichita kudzidzimuka n'kuima, imakhota mofewa moti kanema satekeseka. Palinso Nifty, imene imailola kudutsa pafupi kwambiri ndi zinthu komanso mofulumira. Imeneyi ndi ya munthu wozolowera, ndipo pulogalamu yomwe imachenjeza kuti mwayi wowomba chinthu umakula. Kwa wophunzira, Brake ndiye yabwino, chifukwa drone ikaima mumaona chimene chaiimitsa n'kuphunzirapo, pamene Bypass ikhoza kuzemba nthambi imene yaiona n'kukalowa m'tinthambi timene sinaone.

Zimene siiona n'zofunika kuziloweza. Choyamba ndi mawaya: a magetsi, a intaneti, oyanikapo zovala, ndi aja omangirira nsanja za netiweki ya mafoni. Waya ndi wowonda moti pa chithunzi cha timakamera tija umangokhala ngati kamzere kosaoneka bwino, ndipo poti ndi wofanana kuyambira uku mpaka uko, kompyuta imasowa kadontho koti iyerekezere pa zithunzi ziwiri zija. Nthambi zopanda masamba za m'chilimwe zili ndi vuto lomwelo. Khoma loyera lopanda chizindikiro chilichonse, galasi, malata atsopano onyezimira padzuwa, ndi matailosi ofanana onse, zonsezi zimainamiza. Madzi ndiye oopsa kwambiri, chifukwa amanyezimira komanso amayenda. Pamwamba pa nyanja ya Malawi kapena pa Shire, masensa a pansi akhoza kuwerenga kutalika kolakwika, drone n'kumatsika pang'onopang'ono inu mukuyang'ana chithunzi chokongola pa sikirini. Musaiulutse chogundika ndi madzi pokhapokha maso anu ali pa iyo.

Chachiwiri ndi mdima. Timakamera timeneti timafuna kuwala koposa ma lux 15 (lux ndi muyeso wa kuwala), ndipo kuno kwathu dzuwa likangolowa mdima suchedwa. Nthawi imeneyo ndi yomwenso madyerero a ukwati amakhala akufika kumapeto, wojambula akufuna chithunzi chomaliza cha m'mwamba. Kamera yaikulu imaonetsabe chithunzi chowala bwino chifukwa imakweza kuwala yokha, koma timakamera toona njira timakhala titasiya kale ntchito. Pa sikirini pamabwera chenjezo ndipo kachizindikiro ka masensa kamafiira. Kuyambira pamenepo muli ndi drone yosaona. Chifunga cha chiperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje, utsi wa moto wolusa, ndi fumbi lomata pa timagalasi ta masensa zimachitanso chimodzimodzi. Kansalu kofewa kopukutira magalasi kazikhala m'chikwama, ndipo pafumbi muzinyamukira pa katoni kapena pa kachiphasa.

Tsopano kubwerera kwawo, kumene amakutcha RTH, komwe ndi chifukwa chenicheni chogulira drone imeneyi. Imayamba kubwerera m'njira zitatu: mukadina ndi kugwira batani la pa rimoti, batire likatsala longokwanira ulendo wobwerera, kapena rimoti ndi drone zikasiya kumvana kwa masekondi angapo. Ma drone otchipa amangokwera kufika pa mlingo wa msinkhu umene munaika, n'kuloza kwawo mowongoka, kaya kutsogolo kuli chiyani. Mini 4 Pro, ikakhala pa Optimal (imodzi mwa njira ziwiri zobwererera zimene mumasankha) ndipo kukuwala, imajambula njira yakeyake potengera zimene yaona, imaonetsa njirayo ngati mzere wobiriwira pa sikirini, ndipo imaisintha ili m'njira ikakumana ndi chinthu chatsopano. Siilabadira mlingo umene munaika, imasankha njira yaifupi kuti isunge batire, ndipo ikayandikira kwawo imatsika chopendekeka ikubwera, osati kufika kaye pamwamba penipeni n'kuyamba kutsika. Pamalo a mitengo ikuluikulu ndi nyumba, masana, zimenezi zimagwira ntchito bwino kwambiri.

Vuto lake ndi lomwe lija. Njira yaifupi imatanthauza kuuluka motsika, ndipo motsika ndi momwe muli mawaya. Buku la malangizo la DJI lomwe limanena kuti pamalo a mawaya a magetsi kapena nsanja musinthe kuchoka pa Optimal kupita pa Preset, ndipo muike mlingo wobwererera woposa chinthu chilichonse chachitali pamalopo. M'tauni ngati Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, malo opanda mawaya ndi ochepa, choncho kwa ife Preset ndiyo iyenera kukhala yanthawi zonse, Optimal ikhale ya kumunda ndi kudambo. Pa Preset, ikakhala kutali kuposa mamita 50, imakwera kufika pa mlingo wanu kenaka n'kubwera, ndipo ngati inali kale pamwamba kuposa mlingowo imabwera ili pomwepo. Pakati pa mamita 5 ndi 50 imabwera pa msinkhu umene ili osakwera, zomwe zimadabwitsa anthu ambiri. Ikakhala pafupi kuposa mamita 5 imangotera pomwe ili.

Mlingo umenewu uli ndi msampha wake. Umawerengedwa kuchokera pamene drone inanyamukira, osati kuchokera panthaka imene ili pansi pake panthawiyo. Mukanyamukira m'munsi mwa phiri la Soche kapena Ndirande n'kuizungulitsa kuseri, phirilo limadula siginolo, drone n'kuyamba kubwerera, ndipo mamita 100 amene munaika akhoza kukhala pakati pa phiri. Masana idzaona thanthwe n'kuyesa kukwera, koma imakwera kulekeza pa Max Altitude, malire a msinkhu amene munaika, ndipo ikafika pamenepo chotchinga chikadali kutsogolo imangoima m'malere batire likutha. Kukakhala mdima, siginolo ikatayika imabwerera chambuyo mamita 50 m'njira imene inadzera pofuna kupezanso rimoti, kenaka imakwera n'kuloza kwawo mowongoka osaona kalikonse. Njira yopewera ndi yosavuta: musanayambe ntchito, kwezani drone mowongoka mpaka muone kuti nsonga ya mtengo wa bulugama kapena nsanja yaitali kwambiri yatsikira pansi pa mzere umene thambo limakumana ndi dziko, werengani mamita pa sikirini, onjezerani 15 kapena 20, ndiye mlingo wanu. Kuseri kwa phiri musapiteko n'komwe.

Pa mphepo ndi pamene mawerengedwe ake amafooka kwambiri. Drone imawerengera batire lobwererera potengera mtunda, msinkhu ndi mmene ikudyera moto panthawiyo, koma mphepo ya kutsogolo siingaidziwe isanakumane nayo. DJI imati imapirira mphepo ya mamita 10.7 pa sekondi. Tiyerekeze kuti mwapita makilomita awiri mphepo ikukankha kumbuyo. Kukanakhala bata, kubwerera pa mamita 12 pa sekondi kukanatenga mphindi zosakwana zitatu. Ikamalimbana ndi mphepo ya mamita 10 pa sekondi, ngakhale mamota atapereka mphamvu zonse, panthaka imangoyenda mamita 6 pa sekondi, ndiye mphindi zisanu ndi theka, uku ikudya batire koposa. Mphepo ikafika 13, ulendo womwewo ndi mphindi 11. Ndipo mphepo ya m'mwamba imakhala yamphamvu kuposa imene mukuimva pansi, kotero RTH ikakweza drone mamita 100 ikhoza kuilowetsa m'mavuto amene kunalibe pa mamita 30. Kunyanja m'miyezi ya mwera zimenezi si nkhani yongopeka.

Lamulo ndi lakuti popita muzipita molimbana ndi mphepo kuti pobwera ikukankheni. Zikavuta muli kale kutali, yang'anani nambala ya mtunda pa sikirini. Ngati siikutsika, letsani RTH, tsitsani drone kufika pamene mukudziwa kuti palibe chotchinga, ikani pa S n'kuiyendetsa nokha. Ngati batire silikwana, itsitseni pabwalo loonekera bwino pamene ili, mudzaitsate ndi Find My Drone, imene imasunga malo omaliza pa mapu. Chenjezo la batire likabwera limakupatsani masekondi 10 oti muletse, ndipo kuletsa kuti mumalize kujambula ndi chizolowezi choipa kwambiri. Batire likafika pothera penipeni imayamba kutera yokha, ndipo pamenepo simungailetse, mungathe kungoiwongolera kumene igwere.

Zonsezi zimadalira kuti drone ikudziwa kwawo. Home Point, malo amene idzabwerere, imalembedwa masetilaiti akakwana, kachizindikiro kawo kakayera ndipo pulogalamu yanena kuti yalemba. Mukafulumira kunyamuka izi zisanachitike, idzalemba malo amene inali pamene masetilaiti anakwana, mwina pamwamba pa denga la eni ake. Dikirani, nthawi zambiri sipapita mphindi ziwiri, ndipo onani pa mapu kuti chilembo cha H chili pamene mwaima. Mukanyamukira m'boti kapena mukamayenda ndi galimoto, kumbukirani kuti H watsala kumbuyo, pamadzi kapena pamsewu, ndipo muyenera kumusintha nokha mu Safety. Musanyamukire pa boneti ya galimoto, pa malata kapena pa silabu ya konkire yokhala ndi zitsulo m'kati, chifukwa chitsulo chimasokoneza kampasi. Kampasi kapena masetilaiti zikalephera pamene masensa sakuonanso, drone imalowa mu ATTI: imangosunga msinkhu, mphepo n'kumaitenga, ndipo RTH siigwira.

Potera imachita bwino. Mukanyamuka mowongoka mamita 7 musanapite kumbali, imaloweza maonekedwe a pansi n'kudzatera pafupifupi pomwepo, bola kuwala kusasinthe kwambiri ndipo pansi pakhale ndi chizindikiro. Ikaona kuti pansi si pabwino imaima n'kukufunsani. Udzu wautali ndi ana othamangira kudzaona ndi ntchito yanu, osati yake.

Waypoint Flight, imene kale inkapezeka pa ma drone okwera mtengo okha, ilipo. Mumaika madontho pa mapu kapena pouluka, ndi msinkhu, liwiro ndi kumene kamera iloze, ndipo drone imabwereza ulendo womwewo tsiku lililonse limene mwafuna. Kwa woyang'anira ntchito ya zomangamanga kapena munda wa chimanga amene akufuna chithunzi chofanana mwezi ndi mwezi, ichi chokha chikhoza kubweza ndalama. Koma musayembekezere kuti ikonzanso ulendo wonse yokha. Ikakumana ndi chotchinga imazemba kapena kuima monga munasankhira, basi. Pakati pa madontho imayenda mokhota, moti nthawi zina imatsika kuposa madontho onse awiri, ndipo poti msinkhu umawerengedwa kuchokera ponyamukira, kunyamukira malo otsika kusiyana ndi tsiku loyamba kumatsitsa ulendo wonse. Sankhaninso chimene ichite siginolo ikatayika. Continue imamaliza ulendo popanda inu, zomwe ndi zabwino pokhapokha njirayo munaiyesa kale masana.

ActiveTrack 360 imatsata munthu, galimoto kapena boti uku ikuzemba zotchinga, ndipo mumaiuza pa kagudumu ka pa sikirini mbali imene ijambulire. Pa munthu mmodzi wa panjinga pamsewu wopanda mawaya imagwira ntchito mosiririka. Pa gulu la amayi ovala chitenje chimodzi cha yunifomu imasokonezeka n'kuyamba kutsata wina, ndipo munthu akalowa pansi pa mtengo wa masamba ambiri imamutaya. Zinthu zoyenda mofulumira monga akhwangwala ndi mphamba siizemba modalirika. Ilibenso chipangizo cha AirSense chimene ma drone akuluakulu a DJI ali nacho chochenjeza za ndege ndi helikopita, choncho makutu anu ndiwo chenjezo. Pafupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu kapena la ku Chileka si malo oyeserapo, ndipo za chilolezo funsani akuluakulu oona za kayendedwe ka ndege musanayambe kulandira ndalama za ntchito. Kulemera kochepera magalamu 250 kumapeputsa malamulo m'maiko ena, koma si chiphaso cha kulikonse.

Za batire, mphindi 34 zolembedwa pa bokosi anaziyeza popanda mphepo pa liwiro losasintha la makilomita 21.6 pa ola mpaka batire kutheratu. Pa ntchito yeniyeni yerekezerani mphindi pafupifupi 25. Batire la Plus limalembedwa mphindi 45, koma limapitiriza kulemera kwa drone pa magalamu 249 ndipo limatsitsa malire a malo onyamukira kuchoka pa mamita 4,000 kufika pa 3,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nsonga ya Sapitwa ili pa 3,002. Kumapiri mpweya ndi wopepuka, mapulopela amagwira ntchito yaikulu, batire limatha msanga. Malire a kutentha ndi madigiri 40, omwe ku Nsanje ndi ku Chikwawa amapitirira mu October ndi November, choncho musaisiye yoyaka ili pansi padzuwa, chifukwa imazizira ndi mphepo ya pouluka. Batire lotentha lisatchajidwe mpaka litazizira. Likakhala osagwiritsidwa ntchito limadzitsitsa lokha kufika pa 60 peresenti pakatha masiku 9, ndiye tchajani usiku woti mawa kuli ntchito. Chabwino n'chakuti imatchajidwa ndi USB-C, pafupifupi mphindi 70 pa tchaja ya 30W, moti power bank yamphamvu imakupulumutsani magetsi akazima. Mvula siipirira ngakhale yowaza.

Kodi ndi yoyenera ndalama zake? Kwa wojambula pakati pa mitengo, nyumba ndi anthu, inde, chifukwa pa ma drone ena a DJI, Mini 3 Pro siiona m'mbali, pomwe kujambula kozungulira munthu kumachitika chammbali, ndipo Mini 4K imangoona pansi pokha. Kwa amene ntchito yake ndi kukwera pamwamba pa munda wopanda mitengo n'kujambula, ndalama zowonjezerazo ndi bwino kugulira mabatire pa drone yotchipa. Wojambula madzulo kwambiri ayang'ane Mini 5 Pro ya 2025, imene ili ndi LiDAR kutsogolo, sensa yoyeza mtunda ndi kuwala kwa laser, yothandiza mumdima, ngakhale nayonso mawaya si oidalira nawo.

Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, onetsetsani kuti mwini wake waichotsa pa akaunti yake ya DJI muli pomwepo, chifukwa ikakhala yomangidwabe kwa iye mudzavutika nayo. Onani mu DJI Fly kuti batire lililonse latchajidwa kangati, kanani lotupa, yang'anani ming'alu pamene mikono imapindikira ndi mikwingwirima pa timagalasi ta masensa. Kenaka iulutseni masana pabwalo, ikani pa Brake, ilozetseni pang'onopang'ono ku khoma la njerwa kutsogolo, kumbuyo ndi mbali zonse ziwiri, muone ngati ikuima paliponse, ndipo pomaliza ipititseni mamita 60 n'kudina RTH musanapereke ndalama.